Makina oyezera BP kunyumba: ndi abwino, koma samalani ndi lamba wake

Kunyumba kwathu kuli makina oyezera BP, aja oyendera mabatire, okhala ndi lamba womanga pamkono pamwamba pa chigongono, kachubu ka mpweya ndi batani limodzi lalikulu. Ndinawagulira amayi anga atawapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, koma pano asanduka makina a anthu onse oyandikana nafe nyumba. Dzina la kampani ndalisiya dala, chifukwa chimene chimasiyanitsa makina abwino ndi achabechabe si dzina lolembedwa pabokosi. Ine ndimati ndi chipangizo choyenera kukhala nacho, koma chimanena zoona kwa munthu yekhayo amene wachigwiritsa ntchito moyenera, ndipo kapepala ka malangizo kobwera m'bokosi, ka tizilembo ting'onoting'ono kaja, sikaphunzitsa zimenezo mokwanira.

M'bokosimo munali makinawo, lamba mmodzi, mabatire anayi a AA ndi kathumba kosungiramo. Mukamanga lamba n'kudina batani, kapampu kamayamba kulira, lamba amafufuma n'kufinya mkono, kenaka mpweya umatuluka pang'onopang'ono. Mphindi isanathe manambala atatu amaonekera pasikirini. Ya pamwamba ndi mphamvu imene magazi amakankhira mitsempha mtima ukamapopa, yachiwiri ndi mphamvu yotsala mtima ukapuma, yachitatu ndi kuchuluka kwa kugunda kwa mtima pa mphindi imodzi. Manambalawo ndi akuluakulu, moti amayi amawerenga okha osavala mandala, ndipo amadziyeza popanda wowathandiza. Pamenepa ndilibe chodandaula.

Kuti mumvetse pomwe makinawa amalakwitsa, muyenera kudziwa kuti samva kanthu. Namwino akamayeza ndi makina akale aja opopa ndi dzanja, amaika chomvetsera mtima pamtsempha n'kumvetsera pomwe kaphokoso ka magazi kayambira ndi pomwe kathera. Lamba wofufuma anayamba naye ndi dokotala wa ku Italy, Scipione Riva-Rocci, mu 1896, ndipo njira yomvetsera anaifotokoza ndi Nikolai Korotkoff wa ku Russia mu 1905. Makina a mabatire alibe khutu. Amazindikira kugwedezeka pang'ono kwa mpweya wa mu lamba nthawi iliyonse mtima ukagunda, kenaka kakompyuta ka mkati kamawerengera manambala awiri aja kuchokera pamenepo. Kampani iliyonse ili ndi masamu akeake owerengera. Ndiye chifukwa chake munthu akaseka, akatsokomola kapena akagwedeza zala, makinawa amasokonezeka, amapopanso kachiwiri mwamphamvu kapena amangolemba Err, kutanthauza kuti alephera kuyeza. Ndiye chifukwa chakenso makina awiri ooneka ofanana angapereke mayankho osiyana pamkono womwewo.

Masamu amenewo amayenera kuyesedwa ndi anthu osakondera. Kuyambira mu 2018 pali muyezo umodzi umene mabungwe atatu a akatswiri, AAMI la ku America, ESH la ku Ulaya ndi ISO loona za miyezo padziko lonse, anagwirizana, woti makina ayesedwe pa anthu osachepera 85, mayankho ake n'kuwayerekeza ndi a akatswiri oyeza ndi khutu. Makina amene anapambana mayeso otere amalembedwa pa mndandanda wa bungwe la STRIDE BP, womwe aliyense angauone kwaulere pa intaneti. Anga ndinawapeza pamndandandapo ndisanagule, ndipo ichi n'chimene chinandipangitsa kusankha iwowa m'malo mwa ena okongola kuposa iwo. Ofufuza a ku Australia anafalitsa mu 2020 zomwe anapeza atawerenga mitundu 972 ya zipangizo zoyezera BP zogulitsidwa pa intaneti m'dziko lawo. Mwa makina a lamba wa pamkono, 18 okha pa 100 alionse ndi omwe anali atatsimikizidwa. Mwa omanga pomwe timavala wotchi anali 8 pa 100. Mwa tizibangili tija toti timayeza BP popanda lamba wofufuma, panalibe ngakhale kamodzi. Mawu akuti makinawa ndi ovomerezeka, olembedwa pabokosi ndi wogulitsa, musawatenge ngati umboni. Onani nambala ya mtundu wa makinawo, osati dzina la kampani lokha, chifukwa kampani imodzi ingakhale ndi mtundu wina woyesedwa ndi wina wosayesedwa.

Chondikhumudwitsa chachikulu ndi lamba. Amene anabwera m'bokosi ndi wa mkono wa masentimita 22 mpaka 32, ndipo zimenezi zinalembedwa pa lambayo, koma palibe amene amawerenga. Amayi anga ndi ochepa thupi ndipo amawakwana bwino. Mayi wina woyandikana nafe, wa mikono yonona, atabwera kudzayeza, lambayo anangomata kunsonga, ndipo pofufuma anayamba kung'ambuka pomatirapo. Manambala amene anatuluka tsiku limenelo anali oopsa, pomwe kuchipatala, ndi lamba wamkulu, anapezeka kuti akwera pang'ono chabe. Lamba wochepa pamkono amakweza manambala, wamkulu mopitirira amawatsitsa. Ofufuza a payunivesite ya Johns Hopkins ku America anayesa zimenezi, ndipo mu 2023 anaonetsa kuti munthu wofunika lamba wamkulu kwambiri akayezedwa ndi lamba wamba, nambala ya pamwamba imakwera ndi pafupifupi 20. Makumi awiri amenewo ndi okwanira kumusandutsa munthu wabwinobwino kukhala wodwala papepala, kapena kumuchititsa kuti awonjezeredwe mankhwala osafunikira. Ndinaitanitsa lamba wachiwiri wa masentimita 32 mpaka 42, ndipo ndimasunga tepi ya telala m'kathumba komweko. Munthu watsopano aliyense ndimayamba ndamuyeza mkono, pakati pa phewa ndi chigongono. Lamba wa kampani ina musamulumikize ku makina anu ngakhale kachubu katalowa bwinobwino, chifukwa masamu aja anakonzedwa ndi lamba wake.

Kakhalidwe ka munthu poyezedwa nakonso kamasintha manambala kuposa momwe ambiri amaganizira. Munthu akhale pampando wotsamira, mapazi onse pansi, miyendo osaipingasa, mkono utagona patebulo moti lamba akhale molingana ndi mtima. Gulu lomwelo la ku Johns Hopkins linapeza mu 2024 kuti mkono ukaikidwa pamiyendo nambala ya pamwamba imakwera ndi pafupifupi 4, ndipo ukangolendewera m'mbali imakwera ndi 6 kapena 7. Lamba amangidwe pakhungu, osati pamwamba pa juzi, ndipo malaya opindira m'mwamba mpaka kufinya mkono nawonso amasokoneza. Mphindi 30 asanayeze, munthu asasute fodya, asamwe khofi, asachite ntchito yolemetsa. Ngati ali ndi mkodzo ayambe wapita kuchimbudzi. Kenaka akhale chete mphindi 5.

Mphindi zisanuzo ndi zimene zimavuta kwambiri. Munthu wabwera kwa mnzake, pali malonje, pali nkhani za dzulo, ndipo inu mukumuuza kuti atseke pakamwa ayang'ane khoma. Amalume anga salephera kuyamba nkhani lamba ali mkati mofufuma, ndipo nambala ikatuluka yokwera amati makina anu awa ndi abodza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinapeza kuti njira yosavuta ndi kumusiya munthu yekha m'chipinda, ine n'kutuluka, n'kubwera nthawi itakwana. Kawirikawiri muyezo wachiwiri, wotengedwa patapita mphindi imodzi, umakhala wotsika kuposa woyamba.

Makinawa amasunga miyezo yakale ndipo ali ndi kabatani kosankhira munthu woyamba kapena wachiwiri. Kwa banja la anthu awiri zimenezi n'zothandiza. Kwa ife, pomwe mikono yambiri imadutsapo, n'zopanda ntchito, ndipo zingasocheretse, chifukwa makina amaphatikiza miyezo itatu yomaliza n'kupereka nambala yapakati, osadziwa kuti inali ya anthu atatu osiyana. Komanso mukachotsa mabatire tsiku ndi nthawi zimafufutika, ndipo kuzikonzanso ndi tibatani take n'kotopetsa. Chimene chatithandiza ndi kope wamba. Aliyense ali ndi lake kapena kapepala kake, momwe amalemba tsiku, nthawi, manambala atatu aja, ndi mawu ochepa ngati sanagone bwino kapena anaiwala kumwa mankhwala. Kopelo amapita nalo kwawo. Sindisunga manambala a anthu ena, ndipo sindiwatchula kwa wina aliyense. Pamalo pomwe anthu amadziwana, nkhani yoti uje ali ndi BP imayenda msanga, ndipo anthu akangomva kuti zawo zikukambidwa, amasiya kubwera.

Nambala imodzi siuza munthu kuti ali ndi matenda. BP imakwera ndi kutsika tsiku lonse, malinga ndi tulo, mkwiyo, ululu, kuzizira ndi zina. Madokotala akafuna chithunzi chenicheni amapempha kuti munthu ayeze kwa masiku 7, m'mawa asanamwe mankhwala ndiponso madzulo, kawiri nthawi iliyonse. Za tsiku loyamba amazitaya, chifukwa munthu amakhala asanazolowere, zotsalazo n'kuziphatikiza kuti apeze nambala yapakati. Kuchipatala malire a BP yokwera ndi 140/90 (nambala ya pamwamba ndi yachiwiri), koma kunyumba, pomwe munthu amakhala womasuka, ndi 135/85. Poyamba pafunikanso kuyeza mikono yonse iwiri, ndipo ngati umodzi ukupereka nambala yokwera nthawi zonse, umenewo ndiye wogwiritsa ntchito kuyambira pamenepo.

Apa ndi pomwe makina a kunyumba amaposa ulendo umodzi wa kuchipatala. Pali anthu amene BP yawo imakwera akangoona namwino, koma kunyumba ili bwino. Palinso ena amene kuchipatala amaoneka abwino koma kunyumba ndi kuntchito imakhala yokwera, ndipo awa ndi omwe ali pachiopsezo chifukwa palibe amene amawakayikira. Amayi anga ali m'gulu loyamba. Namwino ataona kope lawo la sabata yonse anasiya maganizo owonjezera mapiritsi, n'kuwauza kuti apitirize momwe akumwera.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi anthu amene sankadziona ngati odwala. Bambo wina wapafupi nafe, wazaka za m'ma 50, wowonda, woyenda pansi mtunda wautali tsiku lililonse, anabwera kudzaperekeza akazi awo. Anakana kuyezedwa, amvekere BP ndi ya anthu onenepa ndi olemera. Akazi awo atawakakamiza anakhala pampando akuseka. Nambala ya pamwamba inapitirira 160, ndipo sinatsike m'masiku otsatira. Sankamva mutu, sankachita chizungulire, ankagona bwino. Kuthamanga kwa magazi kumakhala choncho kwa anthu ambiri: kumawononga mitsempha ya mu ubongo, mtima, impso ndi maso kwa zaka popanda chizindikiro, mpaka tsiku la sitiroko. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2023 kuti akuluakulu pafupifupi 1.3 biliyoni ali ndi vutoli, kuti pafupifupi theka la iwo sadziwa, ndipo kuti munthu mmodzi yekha mwa asanu ndi amene BP yake yatsitsidwa kufika poyenera. Ambiri mwa anthu amenewa ali m'mayiko osauka ndi apakatikati, choncho zoti ndi matenda a olemera n'zabodza. Bambo aja pano ali pa mankhwala, ndipo ndi amene amakumbutsa anzawo aamuna kuti akayeze, chifukwa aamuna ndiye amazemba kwambiri.

N'chifukwa chake ndimaona kuti makinawa amapindulitsa kwambiri akamayenda pakati pa nyumba zingapo kusiyana ndi kungokhala m'kabati ya munthu mmodzi. Munthu wopanda vuto safunika kuyeza tsiku ndi tsiku. Kamodzi pa chaka kapena kupitirira pang'ono n'kokwanira kwa ambiri, ndiye makina amodzi angatumikire anthu ochuluka. Mabungwe a zaumoyo amachitanso zomwezo pamlingo waukulu: pa 17 May chaka chilichonse pamakhala tsiku lokumbukira matendawa padziko lonse, ndipo kuyambira mu 2017 bungwe la International Society of Hypertension limayendetsa ntchito yoyeza anthu kwaulere m'mayiko ambiri mwezi wa May. Kusiyana kwake n'kwakuti makina a pakhomo alipo miyezi yonse, ndipo amene akukuyezani ndi munthu amene mudzakumana naye mawa n'kukufunsani ngati munapita kuchipatala.

Koma pali choopsa chimene makinawa amabweretsa, ndipo ndachiona ndi maso. Munthu akamwa mankhwala kwa miyezi ingapo n'kuona manambala abwino, amati wachira, n'kusiya. Manambalawo ali bwino chifukwa cha mankhwalawo, ndipo akasiya BP imabwerera mwakachetechete. Ena amamwa piritsi pokhapokha makina akaonetsa nambala yokwera, ngati kuti ndi mankhwala a mutu. Ena amabwereka mapiritsi a mnzawo chifukwa manambala awo afanana. Ine si wachipatala, ndipo lamulo langa ndi loti za mankhwala sindiyankhapo: ndimalemba nambala n'kumuuza munthu kuti apite nayo kwa amene anamupatsa mankhwalawo. Makinawa ali ngati sikelo, amakuuzani kulemera kwa katundu koma sakusenzerani. Zotsitsa BP ndi zomwe zija zodziwika: kumwa mankhwala mosadumphitsa, kuchepetsa mchere mpaka pansi pa magalamu 5 pa tsiku monga WHO imalangizira, womwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi kuphatikiza wobisika m'zakudya zogula, kuyenda kapena kulimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata, kusiya fodya, kuchepetsa mowa ndi kuchepetsa thupi ngati lapitirira.

Mbali inanso ndi nkhawa. Achemwali anga anabwereka makinawa kwa kanthawi ndipo ankayeza akangomva kalikonse m'thupi, ngakhale pakati pa usiku. Nambala ikakwera pang'ono ankachita mantha, manthawo n'kuikweza, iwo n'kuyezanso. Ndinakawatenga makinawo. Kwa munthu wa mtima wotere n'kwabwino makina azikhala kwa mnzake, iye azipitako pa nthawi yoikika.

Pali anthu amene makina a mtundu uwu sawayenera mwachisawawa. Amayi oyembekezera amafunika makina oyesedwa padera pa amayi oyembekezera, chifukwa mitsempha yawo imasintha ndipo makina wamba angatsitse nambala pomwe yakwera. Kwa iwo 140/90 pakadutsa masabata 20 a mimba si nkhani yodikira sabata yoyeza, makamaka ngati pali mutu waukulu, kuona zinthu mwachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja kapena ululu pansi pa nthiti. Apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ana amafunika lamba wawo ndi malire awo. Anthu amene mtima wawo umagunda modumphadumpha amapeza manambala osakhazikika. Makina anga amaonetsa kachizindikiro ka mtima akazindikira kugunda kotere, koma kamatulukanso munthu akangogwedezeka, ndiye kakaoneka kamodzi sindidandaula, kakamabwerabwera munthu ali phee ndimamuuza kuti akatchule kwa dokotala.

Nambala ikafika 180/120 kapena kupitirira, munthu apume mphindi zingapo ayezenso. Ikakhalabe pomwepo aonane ndi achipatala tsiku lomwelo, ndipo ngati pali kupweteka pachifuwa, kubanika, kusaona bwino kapena kusokonezeka mutu, ndi ulendo wa msangamsanga. Munthu akapindika pakamwa, akafooka mkono kapena mwendo mbali imodzi, kapena akayamba kulankhula zosamveka, musatayenso nthawi kufunafuna lamba ndi mabatire. Nyamukani basi.

Pa nkhani ya kulimba, makinawo akugwirabe ntchito bwino ngakhale anagwapo patebulo. Mabatire amakhalitsa, ndipo akayamba kutha kachizindikiro kamaonekera nthawi ikadalipo. Ndimawachotsa ngati makina akhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kuopa kuti angatuluke madzi n'kudya zitsulo za mkati. Chimene chimatha msanga ndi lamba: pomatira pamadzaza ulusi n'kusiya kugwira, ndipo kachubu kamayamba ming'alu ngati mukukapinda molimba posunga. Lamba wodutsa pamikono yambiri amada, ndiye ndimamupukuta ndi kansalu konyowa ka sopo pang'ono, osamuviika m'madzi. Kamodzi pa chaka ndimapita nawo makinawo tsiku limene amayi anga amapita kuchipatala n'kupempha namwino kuti ayeze ndi awo kenaka ndi athu pamkono womwewo. Mpaka pano kusiyana kwake n'kochepa.

Makina omanga pomwe timavala wotchi ndinawayesapo kwa mnzanga. Ndi opepuka, osavuta kunyamula, ndipo safinya kwambiri, koma dzanja likangotsika kapena kukwera pang'ono kuchoka pamlingo wa mtima nambala imasintha. Ndingawavomereze kwa munthu yekhayo amene mkono wake ndi waukulu moti palibe lamba womukwana. Makina ena atsopano amatumiza manambala ku foni kudzera pa Bluetooth. Kwa munthu mmodzi wokonda foni n'zabwino, koma amayi anga sangazigwiritse ntchito, ndipo namwino amawerenga kope mofulumira kuposa kufufuza m'foni ya munthu.

Makina angawa akadzatha ndidzagula ena a mtundu womwewu, a pamkono, opezeka pamndandanda wa STRIDE BP, koma ndidzafuna obwera ndi lamba wa masentimita 22 mpaka 42, kuti ndisadzafunenso kugula wachiwiri padera.